Kanyundo ndi Magalasi Okana Kusweka

Kanyundo anabadwa atakwinya mphuno. Ana ena amafika pa dziko akulira, iye anafika akununkhiza, ndipo anamwino amene analipo tsikulo amalumbira mpaka pano kuti khandalo linayang'ana nsalu imene ankafuna kulikulungamo, n'kuikana. Anachita kubweretsa ina yosita. Ali ndi zaka zinayi ankayamba watsuka sopo asanasambire sopoyo. Ali ndi zaka khumi, ntchentche za m'dera lonse zinkaidziwa nyumba yawo, ndipo zikafika pa geti zinkapukuta mapazi n'kubwerera.

Tsono Mulungu, amene nthabwala amazikonda ndithu, anamupatsa mwana ameneyu ntchito yolowa m'malo amene ngakhale makoswe amalowamo atatseka mphuno. Kanyundo ndi woyeza nyumba zakale. Nyumba ikakalamba, ikayamba kung'aluka ndi kudontha, eni ake amaitana ofesi ya Kanyundo kuti ione ngati ingakonzedwe anthu ali momwemo, ngati anthu ayambe atulukamo, kapena ngati kwangotsala kuigwetsa. Ndiye mayi amene satha kugwira chitseko cha basi popanda kansalu amakhalira kukwawa m'madenga a mileme ndi m'zipinda za chuku, akutukwana chamumtima kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu.

Khutu la ntchitoyi analitengera kwa bambo ake, mmisiri womanga nyumba, amene ankati khoma ndi munthu, ukaligogoda limayankha. Khoma lamoyo limati ngwe. Khoma lakufa, lomwe pulasitala wake wasiyana ndi njerwa kapena konkire yake yafumbwa mkati, limati phu. Tsiku limene mwana wawo anamaliza sukulu ya ukachenjede, atanyamula mapepala oti n'kufolera nyumba, mkuluyo anamupatsa kanyundo kakang'ono ka mpini wakuda ndi thukuta. Mtsikanayo anakaviika m'madzi otentha masiku atatu, kenako anakaika m'chikwama, ndipo sanasiyane nakonso. Dzina linabadwira pamenepo. Lenileni linatsalira pa chiphaso, moti ngakhale mayi ake omubereka akafuna kulikumbuka amayamba afunsa.

Amagogoda chilichonse. Kuchipatala amagogoda khoma asanagone pa bedi. Tsiku la ukwati wake anagogoda mzati wa holo ndi chidendene cha nsapato, n'kulamula kuti tebulo la akwati lisunthidwe, alendo akuyang'ana. Mwamuna amene anapirira zimenezi ndi a Telala, munthu wofatsa moti udzudzu ukawaluma amaupepesa. Anabereka mapasa, ana oyera kuposa mbale za m'sitolo.

Vuto linali kwa apongozi. Mayi awo a Telala ankakhala pamwamba penipeni pa nyumba ya nsanjika zinayi, kuseri kwa malo okwerera basi, momwe munkakhala mabanja makumi awiri ndi anayi. Analowamo ali mtsikana, anaberekeramo ana onse, amuna awo anamwaliriramo, ndipo pansi pa chipinda chawo ankakolopapo katatu pa tsiku kwa zaka makumi anayi, mpaka simenti inapyapyala, anthu a nsanjika ya m'munsi n'kumaona mthunzi wa mapazi awo kudenga. Munthu angaganize kuti akazi awiri aukhondo chotere angakondane, koma atambala awiri salira m'khola limodzi. Apongozi akabwera kwa Kanyundo ankayendetsa chala pamwamba pa kabati n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Kanyundo akapita kwa apongozi ankapukuta kapu ndi kansalu kake pansi pa tebulo, akuganiza kuti sakuoneka.

A Telala anapempha chinthu chimodzi chokha m'banja lonse.

"Amake mapasa, kwa amayi kanyundo kazikhala m'chikwama. Ndagwira mwendo wanu."

Kanyundo anavomera, ndipo anasunga pangano zaka khumi ndi chimodzi. Koma zidendene zake sizinalonjeze kanthu. Lamlungu lililonse akamakwera masitepe a nyumba ija zinkamuuza kuti phu, phu, phu, iye n'kumeza mawu, n'kukakhala pa mpando wa pafupi ndi chitseko.

Woyang'anira nyumbayo anali mkulu wawo wa a Telala, alamu ake a Kanyundo, amene dziko lonse limawadziwa kuti a Penti. Kwa iwo kulibe matenda a nyumba amene bulashi singachize. Mpopi ukadontha, penti. Chitseko chikalira, penti. Galu wa pa geti atayamba kuthothoka ubweya anawaona akubwera ndi chitini, ndipo mpaka lero sanabwerere. Makoma anapakidwa kambirimbiri moti zipinda zinachepa, anthu n'kumadabwa kuti bedi lomwe linkakwana kale likukaniranji.

Tsiku lina chibenthu cha pulasitala chinagwa pa masitepe n'kuphwanya ndowa ya munthu, mwini ndowa atangoitula. Eni nyumba anaitana ofesi. Anzake awiri a Kanyundo anapita, anatsegula chitseko cha chipinda cha pansi pa nthaka, momwe muli mizati yonyamula nyumba yonse, n'kuchitsekanso. Mmodzi anagona kuchipatala sabata yathunthu. Winayo anasiya ntchito, pano amagulitsa maluwa.

"Mayi, kwatsala inu," anatero bwana wake wa Kanyundo.

"Bwana, m'nyumba imeneyo muli apongozi anga."

"Ndiye mwayi wanu. Mukamwako tiyi."

Mbiri yoti kukubwera woyeza inafika iye asanafike, ndipo anthu a m'nyumbamo anachita zomwe munthu aliyense woleredwa bwino amachita akamva kuti kukubwera mlendo. Anabisa manyazi. Kanyundo anapeza nyumba yonse ikunyezimira penti wachikasu wosauma, a Penti ataima pa khomo atavala tayi.

"Alamu, takulandirani. Yezani mmene mungathere. Mukaupeza mng'alu, bulashi yanga ndikupatsani ulere."

"Mwapaka liti, alamu?"

"Dzana, dzulo, ndi m'mawa uno pang'ono, pa malo amene amaoneka otopa."

Kanyundo anavala magolovesi awiri dzanja lililonse, anatulutsa kanyundo, ndipo kwa nthawi yoyamba kanakhudza khoma la apongozi. Phu. Penti anasendeka ngati khungu la njoka. Kuseri kwake kunali mng'alu woti n'kulowetsamo dzanja, ndipo munali mbiri yonse ya nyumbayo. Munali manyuzipepala a zaka zimene a Telala ankavala thewera, zidutswa za sopo, masokosi osagwirizana, tsitsi la m'chipeso, ndi chingamu chotafunatafuna chomatidwa ndi zala za mibadwo itatu. Pa nsanjika yachiwiri wina anamata ndi mankhwala otsukira mano n'kusalaza bwinobwino ndi supuni. Pa yachitatu Kanyundo anakoka kansanza, kansanzako kanakoka kena, ndipo kumapeto kwake kunatuluka mano oikirira.

"Amenewo tinawafuna chaka chonse," anatero a Penti mokondwa, akuwapukuta pa tayi.

Zonsezi zinali moni chabe. A Penti atatsegula chitseko cha pansi, fungo linatuluka ngati munthu amene wakhala m'ndende zaka makumi awiri, linamukumbatira Kanyundo n'kumulowa mpaka m'mafupa. Silinali fungo lomva ndi mphuno yokha, linkamveka ndi mano omwe. Anamanga mipango iwiri kumaso, anavala majombo, n'kutsika ndi tochi. Madzi akuda anamufika m'akakolo, pamwamba pake pali kakhungu konyezimira kamene kankatsekanso kokha iye akadutsa. Mphemvu zake zinali zoti n'kuzipatsa moni. Khoswe wina wa imvi anamuyang'ana ali pa paipi, osasuntha, ngati akufunsa kuti kodi mwapangana ndi ndani.

Pakati pa chipindacho panali mzati waukulu, umene unanyamula masitepe ndi zipinda zonse za mbali ya apongozi. Paipi ya zimbudzi yotsika kuchokera kumwamba inathetheka pamutu pa mzatiwo penipeni, ndipo kwa zaka zosawerengeka inkaudyetsa zomwe anthu a m'nyumbamo anadya dzulo lake. Mzatiwo unamera ndevu za ndere. Konkire inatupa n'kung'aluka kuchokera pansi mpaka kudenga, ndipo m'mng'alumo zitsulo za mkati zinkaoneka zofiira ndi dzimbiri. Pamwamba pa zonsezi panali penti wachikasu watsopano. A Penti anapaka ngakhale nderezo.

Kanyundo anagogoda. Mzati sunati ngwe, sunatinso phu. Unangomeza kanyundoko ngati buledi wonyowa.

Khutu lake linali litadziwa kale yankho, koma ofesi silandira khutu. Kutulutsa mabanja makumi awiri ndi anayi m'nyumba kumafuna umboni woti mng'alu uli moyo, ukukulirakulira. Umboniwo amaupeza ndi kagalasi. Woyeza amatenga kagalasi kopyapyala kotalika ngati chala, n'kukamata mopingasa pa mng'alu, nsonga ina mbali ino, ina mbali inayo. Galasi silidziwa kutanuka. Khoma likangosuntha ngakhale pang'ono ngati tsitsi, galasi limasweka. Likakhala lamphumphu masabata asanu ndi limodzi, lamulo la ofesi limati mng'aluwo ndi wakale, unagona, woyeza asaine kuti anthu akhale momwemo, nyumba ingomatidwa. Kanyundo anamata timagalasi tisanu ndi titatu, tinayi pa mzati, tinayi pa masitepe.

"Alamu, timagalasi iti ndi ta ofesi. Munthu asatikhudze."

Akanawafotokozera ntchito yake ya timagalasito, koma fungo silinamulole. Anathamangira kunyumba, anasamba kanayi, zovala anaziwotcha, majombo anawasiya kunja kwa mpanda, ndipo akuba anawalambalala.

Sabata yoyamba itatha anabwera, anatsika atagwira mpweya, anawalitsa tochi. Timagalasi tonse tamphumphu. Yachiwiri, chimodzimodzi. Yachinayi, chimodzimodzi. Sankakhalitsa, ankangowerenga mpaka zisanu ndi zitatu n'kuthawa. Komabe masitepe ankamuuza kuti phu, ndipo chitseko cha apongozi, chimene kale chinkatseka ndi chala, tsopano chinkafuna phewa.

"Amake mapasa, magalasi anu akuti bwanji?" ankafunsa apongozi, akuthira tiyi. "Ife tikadali moyo. Kapena tinafa kale, sitinauzidwe?"

Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi, kuofesi nako bwana anatopa. "Mayi, galasi silinama. Lachisanu ndikufuna lipoti losaina."

Kunyumba a Telala anayesa mofatsa, akusoka batani la malaya a mapasa. "Amake mapasa, mwina khutu nalonso limakalamba. Amayi akachoka m'nyumba muja adzafa ndi chisoni. Sainani, mtendere ubwere."

"Abambo a mapasa, ndikasaina nyumba n'kugwa, mtendere wake udzakhala wa kumanda."

"Nanga galasi?"

Kanyundo anayamba kukayikira khutu la bambo ake, ndipo zimenezo zinamunyansa kuposa chipinda cha pansi chija.

Lachinayi masana anapita komaliza, lipoti lili m'chikwama, cholembera chili pamwamba pake. Timagalasi tonse tamphumphu. Anakwera kwa apongozi kukawauza kuti apambana. Anakhala pa mpando wake wa pa chitseko, anapukuta kapu pansi pa tebulo, n'kukweza maso kuti asaone nkhope ya wopambanayo. Pa khoma panali chithunzi cha ukwati wake, chomwe chinakhala pamenepo zaka khumi ndi chimodzi. Pa tsaya la mkwatibwi panatera ntchentche, ikutikita manja. Itauluka inasiya kadontho kakuda, ndipo kadonthoko kanali ndi anzake pamphumi, pa velo, ngakhale pa mano.

Kanyundo anaimirira kuti apukute. Chala chake chinakhudza pepala. Felemu inalibe galasi. Anayang'ana cha pambali, chithunzi cha malemu apongozi aamuna, chopanda galasi. Satifiketi ya a Telala ya kusukulu yosoka, yopanda galasi. Chitseko chimodzi cha kabati ya mbale chinali dzenje lokhalokha.

Pamenepo anazindikira chimene maso ake ankaona masabata onsewa koma mutu osachimva. M'chipinda cha pansi chija, momwe munthu ukaima mphindi ziwiri umatuluka uli ndi mafuta m'nsidze, momwe tochi imachita chifunga, timagalasi tinkawala ngati tangotuluka m'sitolo. Panalibe kadontho, panalibe ndere, panalibe ulusi wa kangaude. Moyo wake wonse anathamangitsa litsiro, koma chomwe chinamupusitsa ndi ukhondo.

"Amayi, magalasi a zithunzi apita kuti?"

"Ndikutsuka," anatero apongozi, akuyang'ana m'kapu.

Kanyundo anasuzumira pa zenera n'kuitana alamu ake. A Penti anakwera akuimba mluzu, bulashi ili m'thumba lakumbuyo.

"Alamu, timagalasi tanga mwakhala mukutitani?"

A Penti anamwetulira ngati munthu amene wabisa mphatso nthawi yaitali. "Mwazindikira eti. Ndimafuna musadziwe, koma poti mwafunsa. Alamu, ofesi yanu imakugulirani zinthu zachabechabe. Timagalasi tanuto tinasweka tonse masiku atatu asanathe, popanda munthu wokhudza, ndikulumbira. Ndinati mlamu wanga achita manyazi kuntchito, adzati kwa apongozi ake kukuswedwa katundu wa ofesi. Ndiye ndakhala ndikudula tina n'kumata. M'mawa uliwonse ndimayendera ngati dokotala. Masiku ano tikusweka msanga, pena kawiri pa tsiku, moti mawindo a pa masitepe atha. N'chifukwa chake amayi anatithandiza ndi zithunzi."

"Tosweka mumataya kuti?"

"Kutaya katundu wa ofesi, ine?"

Anatsika, n'kubwera ndi chitini cha penti chodzaza zidutswa mpaka pakamwa. Pa chivundikiro chake anali atakanda ndi msomali tsiku lililonse limene anasintha kagalasi, ndi malo ake omwe, kuti tsiku lina adzayamikiridwe mokwanira. Mizere ya sabata yoyamba inali yotalikirana. Ya sabata yomaliza inapanikizana ngati mano a chipeso.

Kanyundo anayang'ana chitini, anayang'ana alamu ake. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

"Alamu, pa zaka zonse zimene mwagwira ntchito pa nyumba ino, chitini ichi ndi chinthu choyamba chothandiza chimene mwapanga, ndipo mwachipanga mwangozi."

"Zikomo, alamu."

"Galasi likasweka ndiye kuti nyumba ikuyenda. Chivundikiro chanuchi chikuti nyumba ino ikuthamanga. Mwakhala mukudzoza mafuta mtembo."

Kumwetulira kwa a Penti kunasendeka pang'onopang'ono ngati penti wa pa khoma lonyowa. Koma apongozi sanadabwe ngakhale pang'ono, ndipo Kanyundo anaona.

"Amayi, inu mumadziwa."

"Amuna anu anandiuza sabata yoyamba yomwe. Mwana amene uja alibe chinsinsi ndi ine." Apongozi anakonza kapu pa tebulo. "Ndinalowa muno ndili ndi chiuno. Ana anga anakwawira pansi apa. Bambo awo anatsikira pa masitepe amenewo komaliza atanyamulidwa. Ndituluke chifukwa cha kagalasi? Ikagwa indigwere, munthu safa kawiri. Ndipo ine ndikapanda kutuluka, palibe atuluke muno. Mukudziwa."

Zinali zoona. M'nyumbamo munalibe banja limene mwana wake sanasambitsidwepo kapena kukalipidwapo ndi mayi amenewa. Lipoti likanatha kulamula, koma kuti lamulolo lidutse m'maofesi onse n'kufika pa khomo pakanapita miyezi, ndipo mzati uja unalibe miyezi. Kanyundo anaona kuti imfa siwaopsa apongozi. Anayang'ana pansi ponyezimira, makapu oyalidwa motsata msinkhu, ndi chala chija choyendera makabati a eni. Anadziwa pamene pali chilonda chawo, chifukwa nayenso chake chili pomwepo.

"Amayi, sindikukakamizani. Ndikupempha chimodzi chokha. Titsike limodzi mukaone chimene chakunyamulani zaka zonsezi."

"Kunsiko sindinapondeko chilowereni muno. Ndi kuntchito kwa mwana wangayu. Amati n'koyera."

"N'kwachikasu, amayi," anatero a Penti motsitsa mawu.

Anatsika atatu, anthu akusuzumira m'makomo. Majombo apongozi anavomera, koma mpango anakana.

"M'nyumba mwanga sinditseka mphuno."

Chitseko chitatseguka, fungo linawapatsa moni wa dzanja. Apongozi anatambasula mkono osayang'ana kumbuyo, Kanyundo n'kuwaikira mpango m'manja. Anayenda m'madzi akuda aja atakweza diresi mpaka m'mawondo. Khoswe wa imvi anali pamalo pake. Atafika pa mzati, Kanyundo anawapatsa kanyundo.

"Gogodani, amayi."

Apongozi anagogoda ngati akumenya mwana wa eni, mopepuka. Chibenthu cha konkire chachikulu ngati pilo chinagwera m'madzi n'kuwathira madontho pa diresi, ndipo pa dzenjelo mphemvu zinatuluka ngati anthu ochokera ku mpira. Kanyundo anatsina chitsulo chimodzi cha mkati, chinafumbutuka m'zala ngati bisiketi. Koma apongozi sankayang'ana chitsulocho. Nthawi yomweyo wina kumwamba anali atagejemula chimbudzi, ndipo paipi inakhosomola n'kuudyetsa mzati iwo akuona.

"Paipi iyi ikuchokera kuti?"

"Mbali yanu, amayi. Imayambira kwanu penipeni."

"Ndiye kuti zanga..."

"Zanu, za a nsanjika yachitatu, za onse. Zimakumana pano."

"Chiyambire liti?"

"Ndere izi n'zakale kuposa mapasa."

Apongozi anayang'ana madontho akutsetsereka pa diresi.

"Ndakhala ndikukolopa chivundikiro cha chimbudzi," anatero. "Zaka makumi anayi. Katatu pa tsiku." Anatembenukira kwa a Penti. "Iwe, ndinakubereka ndine?"

"Eya, amayi."

"Ndikukayika."

Pokwera, apongozi sanapite kuchipinda kwawo. Anayamba khomo loyamba la pansi, akugogoda ndi kanyundo ka mpongozi wawo, khomo ndi khomo, mawu ake amodzi okha akuti longedzani. Amene anafuna kutsutsa anangomuonetsa diresi. Nyumba yoyaka moto siinatulutsepo anthu msanga chotero. Dzuwa lisanalowe mabanja onse anali panja ndi katundu wawo, ena akupita kwa abale, ena kumene eni nyumba anawapezera. Kanyundo analemba lipoti lina atatsamira pa matiresi a munthu, anasaina, ndipo Lachisanu analiika pa tebulo la bwana pamodzi ndi chitini. Bwana anawerenga chivundikiro kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kupempha madzi akumwa.

Amisiri anafika m'mawa mwake. Anaimika mizati yachitsulo yochirikizira kuzungulira mzati wodwalawo kuti upume. Anapopa madzi akuda, malole atatu, ndipo msewu umene malolewo anadutsa sunamerenso udzu. Anaika paipi yatsopano. Anagoba konkire yovunda mpaka kupeza yoti ngwe, anapala dzimbiri, anamangirira zitsulo zatsopano, n'kuuveka mzatiwo jekete ya konkire. Ming'alu ya m'makoma anaichotsa masokosi ndi chingamu n'kuithira simenti yeniyeni. Penti amene anasendedwa anadzaza lole yakeyake, zipinda zinakula, moti anthu atabwerera mabedi anapeza malo otembenukira. Ntchito yonse inatenga miyezi isanu ndi inayi.

Miyezi imeneyo apongozi anakhala kwa Kanyundo.

"Nanga ndipite kuti? Mwandichotsa m'nyumba ndinu."

Chala chija chinayendera kabati iliyonse, pansi pa bedi, kuseri kwa firiji, ngakhale m'makutu mwa mapasa. Tsiku lina chinapeza fumbi pamwamba pa chitseko, ndipo apongozi anayenda nacho atachikweza tsiku lonse ngati mbendera, anadya ndi dzanja linalo. A Telala anayamba kukhalitsa kushopu, akusoka zovala zimene palibe anaitanitsa. Kanyundo anachepa thupi, ndipo panali masiku amene ankalakalaka atatumidwa m'chipinda chilichonse cha pansi pa nthaka, bola muli chete. Pobwerera kwawo apongozi anaika galasi latsopano pa chithunzi cha ukwati, koma madontho a ntchentche anawasiya momwemo, akuti mkwatibwi azikumbuka kuti naye ndi munthu.

Anthu atalowanso, Kanyundo anamata kagalasi kamodzi pa khoma loyandikana ndi mzati, pamene panali mng'alu waukulu, ndipo ulendo uno anawakhazika pansi a Penti n'kuwafotokozera katatu. Patapita masabata asanu ndi limodzi anatsika ndi tochi. Pansi panali pouma. Kagalasi kanali pamalo pake, kokutidwa ndi fumbi, ulusi wa kangaude utapingasa, ntchentche zitasaina kuchokera nsonga mpaka nsonga, koma kamphumphu. Kanyundo anakayang'ana mmene amawayang'anira mapasa akabweretsa zotsatira zabwino za mayeso.

Kumbuyo kwake a Penti anali atatulutsa kale kansanza, zala zikuyabwa.

"Alamu, ndingopukutako pang'ono. Alendo akaona adzati chiyani?"

Kanyundo anatulutsa kanyundo m'chikwama n'kuwayang'ana pamphumi.

"Alamu, ndakhala ndikufuna kudziwa ngati mutu wanuwu umati ngwe kapena phu."

A Penti anabweza kansanza m'thumba. Kanyundo anatembenuka n'kugogoda mzati. Ngwe. Anagogodanso, kungofuna kumva. Kenako anakwera kukasamba m'manja kwa apongozi, kanayi, atayamba watsuka sopo.